Mzere umene alamu anadula pa dzina la mnyamata wamtali

Loweruka usiku, Indianapolis

Tulo takana kubwera, ndipo chimene chikundisautsa ndi cholembera cha alamu anga, chimene masana ano chadula mzere pa dzina la mnyamata wina masewera asanafike ndi pakati pomwe. Alamuwa ndi wothandizira kochi wa basketball pa koleji ina yaing'ono kuno ku Indiana, ndipo mwezi uno wa July ndi umene makochi a m'makoleji amakhala pa msewu, kuzungulira m'mipikisano ya anyamata a kusekondale kufunafuna oti awakope. Chaka chino timu yawo ikusowa senta, wosewera wamtali uja amene malo ake ndi pansi pa ring'i, chifukwa amene anali naye wamaliza maphunziro. Ine ananditenga kuti ndiziwayendetsera galimoto basi, koma munthu sungakhale pa benchi limodzi ndi kochi tsiku lonse osayamba kukhala ndi maganizo akoako.

Mnyamatayo ndi wa zaka 17, ndipo pa pepala analemba kuti ndi wotalika mamita 2.10. Masewera atangoyamba anagoletsa kangapo motsatizana, kenaka anamenya mpira wa mnzake uli m'malere n'kuugwetsera kwa oonerera, ndipo holo yonse inafuula. Ineyo ndinawagunda alamu ndi chigongono kuti munthu wathu ndi ameneyo. Iwo sanayankhe, anangopitiriza kuyang'ana pansi pa bwalo ngati munthu wogula ng'ombe yokoka ngolo, amene alibe nazo ntchito nyanga zokongola, ndipo patangopita kanthawi pang'ono anadula mzere uja. Ndinafunsa kuti, "Alamu, mwamuchotsa bwanji munthu amene akugoletsa chonchi?" Iwo anati, "Alamu, dikirani amutulutse kunja, muone mapazi akewo."

Ndinadikiradi, ndipo ndinaona chimene ankanena, ngakhale kuti mpaka pano sindikuvomereza kuti chinali chokwanira kumutayira mwana. Timu ina ija inayamba kusewera pick-and-roll, pamene wamtali wawo amapita kukaima ngati chotchinga kuti mnzake wamfupi amene ali ndi mpira azembe womulondera. Zikatero senta wa mbali yoteteza amakakamizika kusiya malo ake, kutuluka mpaka ku mzere wa mapointi 3, kuyang'anizana ndi wamfupi waliwiro uja kwa masitepe awiri kapena atatu, kenaka n'kuthamangiranso pansi pa ring'i mpira usanafike kwa munthu wake. Mnyamata wathuyo ankatuluka ali chilili, mawondo osapinda, zidendene zili pansi, ndipo pofuna kupita cham'mbali ankapingasa miyendo m'malo motsetsereka. Alamu anandiuza kuti ku sekondale zimenezi sizilangidwa kwenikweni chifukwa oponya kutali molondola ndi ochepa, koma ku koleji kochi aliyense amene waonera vidiyo amutulutsa kunja ulendo uliwonse mpaka kochi wake atatopa n'kumukhazika pansi. Kuyambira 2019 mzere wa mapointi 3 unasunthidwa kufika mamita 6.75, kotero mtunda umene senta amayenda potuluka ndi pobwerera unatalika, ndipo kuyambira 2015 timu imapatsidwa masekondi 30 okha kuti iponye, kotero mpata wopumira unachepa.

Apa m'pamene ndinatchula Zach Edey, chifukwa kuno ku Indiana mkangano uliwonse wa anthu aatali umathera pa iyeyo. Edey ndi wotalika mamita 2.24, anakulira ku Toronto akusewera hockey ndi baseball, basketball anaiyamba mochedwa, ndipo pamene kochi Matt Painter ankamutengera ku koleji ya Purdue mu 2020 olemba mindandanda ya anyamata a kusekondale anali atamuika kuseri kwa nambala 400. Nayenso ankanenedwa kuti ndi wolemera mapazi. Komabe anasankhidwa kukhala wosewera wopambana m'makoleji onse mu 2023 ndi 2024, chinthu chimene chinali chisanachitikenso motsatizana chichokereni Ralph Sampson wa ku Virginia kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Ndinawauza alamu kuti cholembera chawocho chikanamufufuta Edey tsiku loyamba.

Anaseka, koma yankho lawo linali lalitali, ndipo ndi limene ndakhala ndikulitembenuza m'mutu usiku wonse. Poyamba anandikumbutsa za March 2023, pamene Purdue inagonja 63 kwa 58 ndi Fairleigh Dickinson, timu imene inali yaifupi kuposa ena onse mu Division I, gulu lapamwamba la makoleji, chaka chimenecho, ndipo inapambana pomuzinga Edey ndi anthu awiri kapena atatu ndiponso pomuthamangitsa. Kenaka anati chimene chinamupulumutsa Edey ndi manja. Mpira ukaponyedwa kwa iye, kaya pamwamba kaya cham'mbali, ankaugwira n'kuusunga pamwamba pa mutu pamene aafupi safikapo. Mnyamata wathu uja akalandira mpira ankautsitsira m'chiuno kaye asanalumphe, ndipo kawiri konse ana amene amamulekeza m'chifuwa anamutsomphola. Alamu anati kutalika konseko munthu amakutaya yekha akangotsitsa mpira, ndipo chizolowezi chimenechi chimavuta kuchichotsa kuposa mmene anthu amaganizira. Anawonjeza kuti Edey ankagoletsa ma free throw (mipira imene munthu amaponya pa mzere popanda womutchinga akachitidwa faulo) oposa 70 pa 100 alionse m'zaka zake ziwiri zomaliza, kotero kumuchita faulo sikunali kothandiza, pamene senta wosatha kuponya pa mzerewo sangasiyidwe m'bwalo masewera akamatha, chifukwa adani amangomugwira dala.

Nkhani ya mafaulo ndiyo imene sindinaiganizirepo bwino kale, ndipo pano ndikuona kuti ndi yaikulu. Ku koleji masewera ndi a mphindi 40 ndipo wosewera amatuluka akafika mafaulo 5, pamene ku NBA, ligi yaikulu ya akatswiri ku America, amatuluka akafika 6. Makochi ambiri amamukhazika pansi munthu akangochita mafaulo awiri m'chigawo choyamba. Choncho senta amene amalumphira chilichonse, monga mmene mnyamata uja anachitira pomenya mpira umene unasangalatsa holo, amatha theka la masewera ali pa benchi. Alamu amafuna amene amadziwa kulumpha mowongoka, manja ali m'mwamba, osagwera pa mnzake, ndiponso amene akatchinga mpira amausiya m'bwalo kuti anzake autole. Lamulo la ku koleji limamukomeranso munthu wotere, chifukwa woteteza saletsedwa kukhala pansi pa ring'i nthawi yaitali monga zilili ku NBA, kotero senta wodekha amatha kutseka njira yonse popanda kulumpha n'komwe. Umu ndi mmene Donovan Clingan wa ku koleji ya UConn ankasewerera. Pa fainolo ya makoleji ya 2024 Edey anagoletsa mapointi 37 pamaso pake, koma UConn inamusiya Clingan alimbane naye yekha, ena onse n'kutseka oponya kutali a Purdue, ndipo inapambana 75 kwa 60.

Mtima wanga unayamba kuwawa pamene ndinazindikira kuti pa zonse zimene alamu ankawerengera, kugoletsa kunali kumapeto. Anatchula Anthony Davis, amene pa fainolo ya 2012 pakati pa Kentucky ndi Kansas anaponya ka 10 n'kulowetsa kamodzi kokha, mapointi ake onse 6, koma anatola ma rebound (mipira yobwerera ikalephera kulowa) 16, anatchinga mipira 6, ndipo anapatsidwa ulemu wa wosewera wopambana. Anatchulanso Oscar Tshiebwe wa ku Lubumbashi, wotalika pafupifupi mamita 2.06 okha, amene mu 2022 ankatola ma rebound oposa 15 pa masewera alionse ku Kentucky chifukwa chodziwa kumene mpira ugwere ndiponso kulumpha kachiwiri anzake asanadzuke pa kulumpha koyamba. Ndiye panali nkhani ya pakamwa. Senta amaima kumbuyo kwa anzake onse poteteza, ndiye yekhayo amene amaona bwalo lonse, ndipo ayenera kufuula kuchenjeza mnzake kuti chotchinga chikubwera kumanzere kapena kumanja. Mnyamata wathu sanatsegule pakamwa masewera onse. Ine ndinati mwina ndi manyazi a ubwana, pakuti mwana amene watalika msanga nthawi zambiri amazolowera kudzibisa, kuwerama, kuti anthu asamuyang'anitsitse. Alamu anavomera kuti zimachitika, koma sanafufute mzerewo.

Chimene ndikukana ine ndi kufulumira kwake. Aliyense amene amatsatira masewerawa amadziwa kuti anthu aatali amakhwima mochedwa, chifukwa thupi limakula msanga kuposa mmene mwini wake angaphunzirire kuliyendetsa. George Mikan atafika ku DePaul kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940 anali wosakhazikika pa mapazi, ndipo kochi Ray Meyer ankamulumphitsa chingwe ndi kumuponyetsa mpira ndi dzanja lamanja ndi lamanzere mosinthanasinthana pansi pa ring'i, zimene ana amachitabe mpaka lero. Hakeem Olajuwon anachoka ku Lagos kupita ku Houston mu 1980 atangosewera basketball kanthawi kochepa, chaka choyamba sanasewere, chachiwiri ankalowa kuchokera pa benchi, ndipo anasinthika atakhala nyengo yopuma akulimbana ndi katswiri wa ku NBA Moses Malone. Edey yemweyo m'zaka zake ziwiri zoyamba ankasewera mphindi zosakwana 20 pa masewera, akugawana malo ndi Trevion Williams. Onsewa panali munthu amene anawadikira.

Alamu anandiyankha modekha, koma ndinaona kuti nkhaniyi imawakhudza. Anati Olajuwon anafika ali nawo kale mapazi, chifukwa anali goloboyi wa mpira wamiyendo ndiponso ankasewera handball, monganso Joel Embiid wa ku Yaoundé amene ankasewera volleyball ndi mpira wamiyendo asanapite ku Kansas mu 2013. Kwa anthu otere chimene chimasowa ndi malamulo ndi luso la mpirawo, ndipo zimenezo kochi amaphunzitsa. Koma m'chiuno mouma ndi mapazi olemera, anatero, zimasintha pang'ono chabe. Anatchula Hasheem Thabeet wa ku Dar es Salaam, wotalika mamita 2.21, amene ku UConn ankatchinga mipira modabwitsa ataima pansi pa ring'i, n'kusankhidwa wachiwiri pa draft ya 2009, pamene matimu a NBA amasankha osewera atsopano, koma ku NBA kumene anafunika kuyenda kwambiri sanakhazikike. Ine ndinati chitsanzo chimenecho chikundithandiza ineyo, chifukwa alamu sakusankhira NBA, akusankhira koleji, ndipo ku koleji Thabeet anali chimphona. Apa anakhala chete kanthawi, ndipo ndinaganiza kuti ndawagwira.

Zimene ananena pambuyo pake ndi zimene zandithera mphamvu, chifukwa sizikhudza mapazi kapena manja a mwanayo. Kuyambira 2018 pali transfer portal, kumene wosewera amalembetsa dzina akafuna kusamuka koleji, ndipo kuyambira 2021 amatha kusamuka n'kuyamba kusewera nthawi yomweyo osadikira chaka monga kale. Chaka chomwecho, mu July, osewera analoledwa kulandira ndalama pogwiritsa ntchito dzina ndi chithunzi chawo. Ngakhale masukulu akuluakulu amalandana anthu, monga mmene Hunter Dickinson anachokera ku Michigan kupita ku Kansas mu 2023 atasewera kale zaka zitatu. Tsono koleji yaing'ono ngati ya alamu ikatenga mwana wosaphunzira bwino mpira, imudyetse, imulimbitse thupi, imupirire zaka ziwiri akulakwitsa, chaka chimene wayamba kuthandiza ndi chomwecho chimene sukulu yandalama imamuimbira foni. Akapanda kukhwima, malo a sikolashipu apita pachabe ndipo kochi ntchito yake ili pa ngozi. Alamu anati njira zonse ziwiri iwo ndi oluza, kotero n'kwapafupi kutenga mnyamata wa zaka 22 wamfupiko, amene wasewera kale kwina, amene amadziwa kuima pa pick-and-roll ndipo sachita mafaulo opusa.

Sindikuwaimba mlandu osewera chifukwa chosamuka, pakuti makochi akhala akusamuka chikhalire kutsata malipiro abwino popanda wowaletsa, ndipo mwana amene thupi lake likudzaza holo ayenera kupindula nalo. Koma ndikaganiza bwino, dongosololi likuvulaza kwambiri malo a senta okhawa, chifukwa wamfupi woponya bwino amaoneka ali ndi zaka 17, pamene senta weniweni nthawi zambiri amadzaoneka ali ndi zaka 21. Ana a ku Africa amene amadutsa ku NBA Academy Africa ku Saly, ku Senegal, monga Khaman Maluach wa ku South Sudan amene anapita ku Duke mu 2024, amafika ataphunzitsidwa kale zoyambirira, ndipo mwina ndi chifukwa chake makochi amawathamangira. Mwana wa m'tauni yaing'ono ya ku Indiana amene kochi wake wa kusekondale amangomuuza kuti aime pansi pa ring'i adikire mpira alibe malo otere.

Pobwerera alamu anali pa foni njira yonse, akuonera mavidiyo a mnyamata wina wa ku junior college, koleji ya zaka ziwiri, ndipo kangapo anandipempha kuti ndiime pambali ndionere nawo mmene amatsetserekera cham'mbali. Amatsetserekadi bwino, sindingakane, ngakhale kuti ndi wamfupi ndi masentimita angapo ndipo manja ake sindinawakhulupirire. Mawa m'mawa pali masewera ena atatu a timu zimene alamu sanazionepo, ndipo andiuza kuti tinyamuke 6 koloko isanakwane, kuti akaone anyamata akutenthetsa thupi, chifukwa amati mmene wamtali amathamangira asanadziwe kuti akuonedwa ndi mmene adzathamangire mu February, nyengo ya masewera a makoleji ili mkati.