Kuwedza bluegill ndi perch pa nyanja zinayi za ku Madison, kotentha ndi pa ayezi

Mzinda wa Madison, likulu la Wisconsin ku United States, unamangidwa pakati pa nyanja. Mtsinje wa Yahara umachokera kumpoto n'kuthira m'nyanja ya Mendota, umatulukamo n'kulowa mu Monona, kenako mu Waubesa ndi mu Kegonsa, usanapitirire kukakumana ndi mtsinje wa Rock. Nyanja zinayizi zimapatsirana madzi koma n'zosiyana kwambiri: Mendota ndiyo yaikulu ndipo kuya kwake kumafika mamita 25, Monona imaposa pang'ono mamita 22, pamene Waubesa ndi Kegonsa sizifika n'komwe mamita 12. Nsomba zimene ndimawedzamo ndi zing'onozing'ono za m'gulu la panfish, ndizo bluegill, pumpkinseed, crappie ndi yellow perch. Zambiri n'zazikulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu, lamulo limalola kuziwedza chaka chonse, ndipo munthu wopanda boti, monga ine, akhoza kuzipeza malinga adziwe kumene zimasamukira nyengo ikasintha.

Ndinayamba ndi chiphaso. Aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo amayenera kukhala nacho, ndipo chimagulidwa ku dipatimenti yoona za chilengedwe ya Wisconsin, imene anthu amangoitchula kuti DNR, kudzera pa tsamba lake la intaneti la Go Wild kapena m'masitolo ogulitsa nyambo. Wokhala m'derali amene akugula koyamba amalipira madola 5 okha, ndipo zaka zotsatira ndakhala ndikulipira madola 20. Chiphasocho chimatha mphamvu pa 31 Malichi, kaya munachigula mwezi uti. Amene akufuna kungoyesa kaye ali ndi Loweruka ndi Lamlungu lina kumayambiriro kwa Juni ndiponso lina mu Januwale pamene boma limalola kuwedza popanda chiphaso, ngakhale kuti malamulo ena onse amagwirabe ntchito. Malamulowo ali m'kabuku kamene kamatuluka chaka ndi chaka, ndipo awiri mwa iwo ndiwo amandikhudza tsiku lililonse: munthu mmodzi asaike m'madzi mbedza zoposa zitatu, ndipo asatenge panfish zoposa 25 pa tsiku, mitundu yonse pamodzi. Pa Mendota chiwerengerocho chinatsitsidwa kufika pa 10 kuyambira mu 2024, choncho munthu akamasintha nyanja amayenera kutsegulanso kabuku kaja.

Zida za nyengo yotentha sizifuna ndalama zambiri. Ndili ndi ndodo yopepuka yotalika pafupifupi mamita awiri, chokulungira chingwe chaching'ono, chingwe choonda kwambiri, kamtovu kamodzi komiza nyambo ndi kachoyandama. Mbedza ndimagwiritsa ntchito ya nambala 8 kapena 10, chifukwa bluegill ili ndi kamwa laling'ono moti mbedza yaikulu imangoithandiza kuba nyambo. Nyongolotsi sindiika yathunthu. Ndimadula kachidutswa kongokwanira kuphimba nsonga ya mbedza.

Kumapeto kwa Meyi ndi mu Juni, madzi a m'mbali akafunda kufika pa madigiri 20, bluegill zimabwera pafupi ndi mtunda kudzaswana, ndipo iyi ndiyo nthawi yokomera wowedza ali pagombe. Zazimuna zimasesa pansi ndi mchira n'kupanga tizisa tozungulira tambirimbiri toyandikana, m'madzi a mita imodzi kapena iwiri. Amene anaphwetsapo damu la makumba kwathu n'kuona maenje otsala pansi akhoza kutizindikira msanga, ngakhale kuti nsomba ziwirizi si zapachibale. Ndimayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa Monona Bay, cha ku Brittingham Park, nditavala magalasi ochepetsa kunyezimira kwa madzi, ndipo ndikaona tizisato ndimaponya patsogolo pake n'kukokera nyambo pang'onopang'ono mpaka ifike pamwamba pake. Yaimuna imene ikulondera mazira imaluma chilichonse chofika pafupi, moti kachoyandama sikachedwa kumira. Apa ndipo pamafunika kudziletsa. Zazimuna zazikulu, za chifuwa chofiirira ndi mutu wokhuthala, ndizo zimalondera zisa, ndipo akatswiri a nsomba anaona kuti nyanja imene anthu achotsamo zazikuluzi imadzaza ndi bluegill zokhwima zili zazing'ono. Pa chifukwa chimenechi ndimabweza m'madzi iliyonse yopitirira masentimita 20 n'kutenga zapakatikati, zimene kukoma kwake n'chimodzimodzi. Lamulo silindikakamiza kutero, koma ndimaona kuti kudzaza ndowa ndi nsomba zochotsedwa pa zisa n'kuwononga.

Julayi akafika zinthu zimavuta. Kuswana kumachepa, zomera za m'madzi zimakula mpaka kutseka m'mbali, ndipo nsomba zazikulu zimasunthira kunja kwa zomerazo, pa kuya kwa mamita atatu mpaka asanu. Mendota ndi Monona zimagawika pawiri: pamwamba madzi ofunda, pansi madzi ozizira amene sasakanikirana ndi apamwambawo mpaka chakumapeto kwa chaka. Manyowa ndi feteleza zokokoloka m'minda ya kumpoto zimabweretsa ndere zambiri, nderezo zikafa zimamira n'kuwola, ndipo kuwolako kumamaliza mpweya m'madzi apansi. Zotsatira zake n'zakuti pofika Ogasiti nsomba sizikhala pansi pa malo akuya, ndipo eni maboti amapeza perch ndi crappie zikuyandama chapakati, pamwamba pang'ono pa malire a madzi ofunda ndi ozizira. Ine wapagombe ndimangodalira m'mamawa ndi madzulo, pa timilatho towedzera ta m'mapaki ndi pa Tenney Park, pamene Yahara amatuluka mu Mendota kudzera pa chipata chokweza ndi kutsitsa maboti. Tsiku limene madzi abiriwira ngati athiridwa penti sindiwedza, chifukwa ndere za mtundu umenewo zimatulutsa poizoni.

Pochoka pa nyanja pali lamulo limene alendo ambiri salidziwa. Madzi onse a m'ndowa amayenera kukhuthulidwa pomwepo, ndipo nsomba zamoyo sizichotsedwa pa nyanja, choncho zanga ndimazinyamula m'bokosi la ayezi. Cholinga chake n'kuletsa matenda a nsomba ndi zamoyo zachilendo kufalikira m'nyanja zina. Mendota inalowedwa kale ndi tizilombo ta spiny water flea, timene tinapezeka mu 2009, ndi tinkhono ta zebra mussel, timene tinapezeka mu 2015 ndipo zigoba zake zakuthwa zimadula chingwe pa miyala. Nyongolotsi zotsala zimatayidwa m'bini, osati m'madzi kapena pa dothi.

Nyengo yachisanu imayamba ndi kudikira. Anthu a ku Madison akhala akulemba tsiku limene Mendota yaundana ndi limene yasungunuka kuyambira m'zaka za m'ma 1850, ndipo zolembazo zimaonetsa kuti masiku a ayezi akucheperachepera. Nyanjayi imatseka chakumapeto kwa Disembala, zaka zina mpaka mu Januwale, ndipo ndiyo imakhala yomaliza chifukwa cha kukula ndi kuya kwake. Malo osaya monga Monona Bay ndiwo amayamba, choncho owedza onse amayambira kumeneko. Kwa ine iyi ndiyo nyengo yabwino koposa, chifukwa ayezi akalimba ndimafika wapansi pa malo amene mu Julayi ndinkangowaonera patali, maboti a anthu ena ataima pamenepo.

Ayezi sindimukhulupirira chifukwa chongoona anthu ena ali pamenepo. Muyezo umene mabungwe oona za nyanja amapereka ndi masentimita 10 a ayezi watsopano, woonekera mkati, kuti munthu ayendepo. Ayezi woyera, wosakanikirana ndi chipale chofewa, mphamvu yake ndi theka chabe. Ndimayenda ndi chitsulo chachitali chosongoka, ndikumenya patsogolo panga ndisanaponde, ndipo chikaboola ndi kumenya kumodzi ndimabwerera njira imene ndadzera. M'khosi ndimakoleka timisomali tiwiri ta zigwiriro tomangidwa pa chingwe, timene munthu akagwera m'madzi amabaya nato ayezi n'kudzikoka, ndipo ku nsapato ndimamanga tizitsulo toletsa kuterereka. Pa nyanja zolumikizidwa ndi mtsinje ngozi yaikulu ili polowera ndi potulukira Yahara ndiponso pansi pa milatho, chifukwa madzi oyenda amadya ayezi chapansi pamene pamwamba pakuoneka bwinobwino. Mendota ilinso ndi ming'alu italiitali imene imatseguka ndi kutseka kutentha kukamasintha. Sindipita ndekha pa ayezi woyamba kapena wotsiriza.

Katundu yense amalowa m'chilei chapulasitiki chimene ndimakoka ndi chingwe: chobowolera cha masentimita 15, chipande chochotsera zidutswa za ayezi, ndowa yokhalira, ndi kandodo kosapitirira masentimita 70. Kubowola ndi manja kumatulutsa thukuta ngakhale kunja kukuzizira madigiri 15 pansi pa ziro, choncho ndimavula jekete lapamwamba ndisanayambe, chifukwa chovala chonyowa chimazizira koopsa munthu akakhala pansi. Mpeni wa chobowolera ukapyola, madzi amatumphuka n'kusefukira m'mbali mwa dzenje, ndipo ndimachikoka kangapo kuti zidutswa zituluke ndisanayeretse ndi chipande. Ndimabowola maenje angapo motsatana, kuchokera m'kati mwa zomera kupita kunja kwake, ndisanaike mbedza m'madzi, kuti phokoso lithe kamodzi. Ndikagwada n'kusuzumira m'dzenje nditaphimba mutu, ndimayang'ana ngati zomera zili zobiriwira, popeza zobiriwira zimatulutsabe mpweya ndipo zimasunga tizilombo timene bluegill imadya, pamene zofiirira zogona pansi zikuwola ndipo nsomba zimazithawa.

Nyambo ya nyengo imeneyi ndi mphutsi zogula m'sitolo, za ntchentche kapena zonenepa zotchedwa waxworm, ndipo kachitini kake kamakhala m'thumba la m'kati kuti zisafe ndi chisanu. Ndimazibaya pa kambedza kokhala ndi mutu wolemera wa tungsten, kochepa kuposa njere ya nandolo, kamene kamamira msanga. Madzi a pansi pa ayezi safunda kupitirira madigiri 4, nsomba zimayenda mwaulesi, ndipo kudya kwake n'kongoyamwa nyambo n'kuilavula m'kanthawi kochepa, moti dzanja silimva kanthu. Kunsonga kwa ndodo kumakhala kawaya kofewa, ndipo maso onse amakhala pamenepo. Ndimatsitsa nyambo pang'onopang'ono kuyambira pansi pa ayezi penipeni, ndikuigwedeza pang'ono ndi dzanja kenako n'kuimitsa, chifukwa nsomba zambiri zimadya nyambo ikaima. Bluegill imagwetsa kawayako pang'ono. Crappie imadzera pansi n'kunyamula nyambo, choncho kawaya kamene kanali kopindika kamawongoka, ndipo kuwongokako ndiko chizindikiro choti ndikoke. Madzi amaundana pa chingwe ndi m'timphete ta ndodo, ndipo ndimawasungunula ndi zala kapena ndi mpweya wa m'kamwa. Dzenje likakhala chete kwa mphindi zingapo ndimasamukira pa lina m'malo modikira. Ambiri ali ndi kamakina koonetsa kuya kwa madzi, nyambo ndi nsomba ikamayandikira. Ndinayamba popanda iko ndipo m'madzi osaya a Monona Bay zinkatheka, koma m'madzi akuya n'kofunika ndithu. Mu Disembala dzuwa limalowa isanakwane hafu pasiti folo, ndipo ola lomaliza kusanade ndilo limapatsa crappie zambiri.

Perch za pa Mendota ndi ntchito ina. Pakati pa nyengo yachisanu zimayenda m'magulu pa matope a pansi, pa kuya kwa mamita 18 kapena kuposerapo, kutali ndi gombe, kumene mphepo imawomba popanda chotchinga. Owedza kumeneko amaika mtovu wautali pamwamba pa mbedza kuti nyambo ibwerere pansi gulu lisanadutse. Nsomba yokokedwa kuchokera pa kuya kotere imafika pamwamba kathumba kake ka mpweya katatupa, nthawi zina mimba itatulukira kukamwa, ndipo ikabwezedwa m'madzi kawirikawiri imafa. Choncho kumeneko palibe kusankha: iliyonse imene ndakoka, yaikulu kapena yaing'ono, ndimaiwerengera pa khumi zija, ndipo zikakwana ndimalongedza. Amene amakhala m'tenti ndi mbaula ya gasi ayenera kusiya potulukira mpweya, chifukwa utsi wake suoneka ndipo umapha. Kumayambiriro kwa Malichi lamulo limafuna kuti tinyumba towedzeramo tichotsedwe pa ayezi, ndipo ngakhale bluegill zimadya bwino masabata amenewo, ayezi akayamba kuda ndi kufewa m'mbali ine ndimasiya.

Kunyumba, bluegill ndimazipala mamba, kuzitumbula n'kuzikazinga zathunthu, pamene anzanga a kuno amachotsa minofu iwiri ya m'mbali n'kutaya mutu ndi minga, monga zimakonzedwera perch m'malo odyera a ku Wisconsin Lachisanu madzulo. Ndisanadye ndimatsatira chenjezo la boma. Mankhwala a PFAS, amene sawola ndipo amaunjikana m'thupi la nsomba, anapezeka mu mtsinje waung'ono wa Starkweather umene umathira mu Monona, ndipo mu 2021 boma linalangiza kuti kuyambira pa Monona kutsika mpaka ku Waubesa ndi Kegonsa munthu asadye bluegill, pumpkinseed kapena perch koposa kamodzi pa sabata, ndipo crappie kamodzi pa mwezi. Kukazinga kapena kuchotsa khungu sikuchotsa mankhwalawa. Mendota ili kumtunda kwa malo amenewa ndipo siili pa chenjezo limeneli, ngakhale kuti malangizo a dera lonse okhudza mekyule, chitsulo chapoizoni chimene chimapezeka m'nsomba, makamaka kwa ana ndi amayi a msinkhu wobereka, amagwira ntchito paliponse. Pa chifukwa chimenechi thumba lililonse lolowa mufiriji ndimalilemba dzina la nyanja, mtundu wa nsomba ndi tsiku, ndipo crappie zambiri za pa Monona ndi Waubesa ndimazibweza m'dzenje zikangotuluka.