Dokotala amene anakhala Nduna Yaikulu: zaka zitatu za Dr Banda zimene timazidumpha

Malawi anakhalapo ndi Nduna Yaikulu mmodzi yekha, ndipo mpandowo unakhala zaka zitatu ndi miyezi isanu basi, kuchokera pa 1 February 1963 kufika pa 6 July 1966. Kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje tikamva dzina la Kamuzu timathamangira kukumbukira Ngwazi, makadi a chipani ndi amayi a Mbumba akuvina. Zonsezo zinadzakula pambuyo pake. Maziko ake anakumbidwa m'zaka zitatu zimenezi, pamene Dr Hastings Kamuzu Banda anali asanakhale Pulezidenti, ndipo nkhani zingapo zimene zinagwedeza boma nthawiyo zinkadutsa m'chigwa chathu chino.

Tiyambe ndi udokotala, chifukwa anthu amangoti "anaphunzira kunja" ngati inali ntchito ya chaka chimodzi. Anabadwira ku Kasungu. Boma linkakondwerera 14 May 1906 monga tsiku lawo lobadwa, koma olemba mbiri ambiri amaika kubadwa kwawo cha m'ma 1898. Anachoka kumudzi ali mnyamata cha m'ma 1915, wapansi, nakafika ku Hartley ku Southern Rhodesia, kumene lero kumatchedwa Chegutu, ndipo kumeneko anagwira ntchito yapansi pachipatala. Atachoka uko anakalowa kumigodi ya ku South Africa, nakhala kalaliki pa mgodi wa Witwatersrand Deep ku Boksburg. Mpingo wa African Methodist Episcopal (AME) ndiwo unawatsegulira njira ya ku America mu 1925. Kumeneko anayamba ndi sekondale ku Wilberforce ku Ohio, anamaliza mu 1928, anadzera ku Indiana, natenga digiri ku Chicago mu 1931, ndipo udokotala weniweniwo anautenga ku Meharry Medical College ku Nashville mu 1937. Zaka 12 zathunthu.

Koma pepala la ku America silinkalola munthu kugwira ntchito ya udokotala m'maiko olamulidwa ndi Angerezi. Pankafunika pepala lolembetsa ku Britain. Choncho anapitanso ku Edinburgh, ndipo mu 1941 anapambana mayeso a mabungwe atatu a madokotala, awiri a ku Edinburgh ndi limodzi la ku Glasgow. Apa cholinga chinali kubwerera kumudzi. Zinakanika. Anamwino achizungu a ku Livingstonia sanafune kugwira ntchito pansi pa dokotala wakuda, ndipo boma la Nyasaland linaika mfundo zoti asamayanjane ndi madokotala achizungu kunja kwa ntchito. Iwo anakana. Anatsegula chipatala chawo ku Liverpool, nthawi ya nkhondo anagwira ku North Shields, ndipo nkhondo itatha anakhazikika ku Harlesden ku London, kumene odwala awo ambiri anali azungu. Mu 1953, chaka chimene Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba, anasamukira ku Kumasi ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana.

Tanthauzo lake n'lakuti munthu amene anatera pa Chileka pa 6 July 1958 anali atakhala kunja zaka zoposa 40, ndipo pafupifupi zaka 17 anazithera m'chipinda cha dokotala wodziyimira payekha. M'chipinda chotere mulibe komiti. Wodwala amafotokoza, dokotala amalemba mankhwala, ndipo wodwala akayamba kutsutsa ndiye kuti sakufuna kuchira. Ine ndimaona kuti khalidwe limeneli analowa nalo m'boma osalisintha ngakhale pang'ono, ndipo likufotokoza zambiri kuposa zimene amatchula ena.

Amene anawaitana anali achinyamata a Nyasaland African Congress, makamaka Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume. Ankafuna munthu wamkulu, wa imvi ndi mapepala, woti mafumu ndi azungu omwe amumvere. Mu August 1958 ku Nkhata Bay anawasankha kukhala mtsogoleri wa Congress, n'kuwapatsanso mphamvu yodzisankhira okha komiti. Mphamvu imeneyo achinyamatawo anadzaimva kuwawa patatha zaka zisanu ndi chimodzi. Pamisonkhano Dr Banda ankalankhula Chingerezi, womasulira ali pambali.

Nanga anthu a kuchigwa, amene ambiri sanaonepo Salisbury, likulu la Chitaganya (lero Harare), Chitaganya chinawakhudza bwanji kuti atsatire munthu wolankhula Chingerezi? Yankho lili m'munda. Boma la atsamunda linali ndi malamulo a malimidwe, ndipo lopweteka kwambiri linali lokakamiza mitumbira. Kumapiri a ku Thyolo mitumbira yopingasa ili ndi nzeru, chifukwa imagwira madzi ndi nthaka kuti zisakokoloke. Kuno pansi nkhani ndi ina. Malo ambiri ndi athyathyathya, dothi la makande likauma limalimba ngati mwala, ndipo nthawi yokonza minda ndi October ndi November pamene dzuwa limachita kuwotcha ndi mapazi omwe. Kuunda mitumbira ndi khasu m'dothi limenelo kunkachulukitsa ntchito, pamene Amang'anja ndi Asena anazolowera kubzala pansi, kumphala mapira, mchewere ndi thonje, kudimba chimanga ndi mbatata madzi akaphwa. Wokana ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Ngakhale akuluakulu a kachisi wa Mbona ku Khulubvi anaima ndi anthu pokana lamuloli. Congress itanena kuti malimidwe okakamiza adzatha, kuno inali italankhula chinenero chimene aliyense anamva.

Njira yofikira pampando inali ndi masitepe ake, ndipo ndi bwino kuwatsata mwadongosolo. Pa 3 March 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pangozi, Congress inaletsedwa, ndipo Dr Banda anatengedwa kupita kundende ya Gwelo ku Southern Rhodesia. Ali m'ndendemo, Orton Chirwa ndi anzake anayambitsa Malawi Congress Party kumapeto kwa September 1959, n'kuwasungira mpando. Anatuluka pa 1 April 1960. Msonkhano wa ku Lancaster House ku London chaka chomwecho unabala malamulo atsopano a chisankho, okhala ndi kaundula wapawiri: wapansi wa mipando 20 ndi wapamwamba wa mipando 8, wotengera chuma ndi maphunziro. Pa chisankho cha August 1961 MCP inasesa mipando yonse 20 ya kaundula wapansi, n'kuwonjezera iwiri ya wapamwamba.

Apa Dr Banda sanakhale Nduna Yaikulu nthawi yomweyo. Anatenga unduna wa zachilengedwe ndi maboma aang'ono, ndipo sikunali kusankha mwangozi. Unduna umenewo ndi umene unkagwira alangizi a zaulimi, misika ya mbewu ndi mafumu. Kukakamiza mitumbira ndi chindapusa kunatha. Mu 1962 kugula mbewu kunaperekedwa ku Farmers Marketing Board, imene inadzasanduka ADMARC mu 1971, ndipo alimi a thonje amadziwa okha kuti wogula akakhala mmodzi mtengo amautchula ndani. Lamulo limene silikanatha, boma lililonse libwere, ndi lozula ndi kutentha mapesi a thonje mukatha kukolola. Mapesi akatsala m'munda mbozi za thonje zimapeza chakudya chaka chonse, ndipo mvula ikagwa zimayambira pa thonje lanthete la mnansi wanu amene anazula zake. Atsamunda analakwa zambiri, koma pamenepa ayi.

Msonkhano wa ku Marlborough House ku London mu November 1962 ndiwo unavomereza kuti dziko lidzilamulire pa zam'kati, ndipo pa 1 February 1963 Dr Banda analumbira kukhala Nduna Yaikulu. Chitaganya chinatha pa 31 December 1963. Pa chisankho cha 1964 mipando yonse 50 ya kaundula wa anthu onse inapita ku MCP popanda wopikisana, choncho anthu sanaponye n'komwe voti. Pa 6 July 1964 Nyasaland anasanduka Malawi, dzina la Port Herald linasiyira malo la Nsanje, koma mutu wa dziko anali adakali Mfumukazi Elizabeth, woyimiridwa ndi Glyn Jones ku Zomba. M'dongosolo limenelo Nduna Yaikulu imayenera kupanga ziganizo pamodzi ndi nduna zinzake, ndipo imakhala pampando pokhapokha Nyumba ya Malamulo ikuikhulupirira. Dr Banda nduna zawo ankazitcha "anyamata anga", pagulu.

Sipanathe miyezi iwiri zinthu zisanaphulike, ndipo chimodzi mwa zoyatsa moto chinali tiki. Kwa amene sanaione ndalama imeneyo: mapeni 12 ankapanga shereni, mashereni 20 ankapanga paundi, ndipo tiki inali mapeni atatu. Boma linalamula kuti wodwala wobwera kuchipatala cha boma azilipira tiki. Chifukwa chake chinalipo. Nthawi ya Chitaganya zaumoyo zinali m'manja mwa boma la ku Salisbury, ndipo Chitaganya chitatha zipatala zonse zinagwera pathumba la Zomba, thumba limene linkadalira thandizo la Britain kuti bajeti ikwane. Monga dokotala wozolowera kuti wodwala amalipira, Dr Banda sanaone chachilendo. Koma mlimi wa thonje amagwira ndalama kamodzi pachaka, nthawi ya msika. Malungo amachuluka ndi mvula, pamene Shire ndi Ruo zadzaza ndipo m'nyumba mulibe ngakhale kobiri. Mayi wa ana atatu odwala ankafunika mapeni 9 asanaonane ndi wachipatala. Ndalama yotere ikaikidwa pakhomo la chipatala, anthu sasiya kudwala, amangochedwa kubwera, ndipo mwana wa malungo akachedwa masiku awiri amafika atakomoka kapena magazi atatha. Nduna zinaona kuti anthu amene anauzidwa kuti ufulu wafika alandira msonkho watsopano.

Nkhani zina zinali malipiro a ogwira ntchito m'boma malinga ndi lipoti la Skinner, kuchedwa kuika Amalawi m'maudindo amene azungu anali adakali nawo, thandizo limene China cha ku Peking chinalonjeza, ndi ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique. Yomalizayi ife a kuno tiyenera kuimvetsa kuposa wina aliyense, chifukwa inkadutsa pakhomo pathu. Njanji yochokera ku Port Herald inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatsegulidwa mu 1935 sitima zinkayenda mpaka ku Beira osatsitsa katundu. Mu 1964 njanji ya ku Nacala kunalibe, inadzatsegulidwa mu 1970. Tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, fodya, thonje, mafuta agalimoto, zonse zinkadutsa pa Chiromo, Bangula ndi Nsanje kulowa m'dziko la Apwitikizi. Chiume, amene anali nduna ya zakunja, ankafuna Malawi aime ndi maiko a mu Africa omenyera ufulu. Dr Banda ankaona kuti Apwitikizi akatseka njanji imodziyo dziko lagona ndi njala. Pa mfundo ya njanjiyi kuwerengera kwawo kunali kolondola. Pamene analakwa ndi poganiza kuti wofunsa funso ndi mdani.

Kumapeto kwa August 1964 nduna zinawapanikiza pamsonkhano wa kabineti, n'kulemba madandaulo awo ku Ku Chawe pa phiri la Zomba. Pa 7 September Dr Banda anachotsa Chiume, Orton Chirwa ndi Augustine Bwanausi, pamodzi ndi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi udindo, ndipo Chipembere atabwera kuchokera ku Canada anachitanso chimodzimodzi. Nyumba ya Malamulo inakumana pa 8 ndi 9 September n'kuvomereza kuti ikukhulupirira Nduna Yaikulu. Taonani pamene ndunazo zinaterera: aphungu onse a MCP analowa m'nyumbamo chifukwa dzina lawo linavomerezedwa ndi mtsogoleri wa chipani, osati chifukwa anapambana mavoti kwawo, choncho panalibe phungu amene akanaika mutu wake pachiswe. Njira yochotsera Nduna Yaikulu inalipo papepala, koma ogwira chingwe chake anali anthu a mwini wakeyo. Chipembere anayesa zida mu February 1965, analanda Fort Johnston (lero Mangochi), koma anakakanika pa doko la Liwonde. Yatuta Chisiza anaphedwa mu 1967 atalowa ndi gulu lake kudzera ku Mwanza.

M'zaka zomwezo za Unduna Waukulu ndi mmene kampani ya Lonrho inayamba munda wa nzimbe ku Nchalo, umene unasintha nkhope ya Chikwawa mpaka lero, ndi ntchito zake ndi mikangano yake ya malo. Chitukuko cha thonje chokhala ndi likulu ku Ngabu, cha mapampu opopera apamsana ndi ngongole za mankhwala, chinatsatira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960.

Pa 6 July 1966 malamulo atsopano anathetsa mpando wa Nduna Yaikulu ndi wa Bwanamkubwa pamodzi, mphamvu zonse n'kuziika mwa Pulezidenti wa dziko la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 upulezidentiwo unakhala wamuyaya. Andale a kuchigwa analawa zotsatira zake. Gwanda Chakuamba wa ku Nsanje, amene anali nduna yamphamvu ndi mkulu wa a Payoniya, anagamulidwa zaka 22 m'ndende, anatuluka mu 1993, ndipo chaka chotsatira anaima limodzi ndi Dr Banda yemweyo pa chisankho chimene a Bakili Muluzi anapambana. David Chiwanga, phungu wa ku Chikwawa, anaphedwa ku Mwanza mu May 1983 pamodzi ndi nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala.

Pa zaumoyo, ntchito imene Dr Banda anaidziwa kuposa ina iliyonse, chithunzi chake n'chosakanikira. Kuchigwa kuno mtolo waukulu unatsalira zipatala za mishoni monga Trinity ku Muona, Kalemba ku Bangula ndi Montfort ku Nchalo, ndipo m'zipatala za boma amene ankaona odwala tsiku ndi tsiku anali ma medical assistant ndi ma clinical officer, chifukwa madokotala anali owerengeka. Wofuna udokotala ankatumizidwa kunja, ndipo ambiri sankabwerako. Kamuzu Academy, sukulu yophunzitsa Chilatini ndi Chigiriki, inatsegulidwa mu 1981. Sukulu ya madokotala ya College of Medicine ku Blantyre inatsegulidwa mu 1991, patatha zaka 28 dokotala atalumbira kukhala Nduna Yaikulu, ndipo iwo anamwalira ku Johannesburg pa 25 November 1997.