Kalata yoduka, pulogalamu ili chete

Amayi amene ndimawathandiza pa shopu yawo ya nsalu ku Kamwala, mu Lusaka, anandiimbira Lolemba m'mawa. "Mwanangu, ma PDF ena a ma invoisi sakutseguka, koma pulogalamu yako ikuti zonse zili bwino." Zinandikhudza, chifukwa mapepala amenewa ndi amene amalipirira katundu.

Pulogalamuyo ndinailemba mu Python, ndipo imawerenga makalata a imelo amene amabweretsa ma invoisiwo pogwiritsa ntchito BytesParser, imene ndi parser, kutanthauza chida chophwanya kalata m'zigawo. Chimene ndinali ndisanachimvetse n'chakuti parser imeneyi siima ikakumana ndi kalata yolakwika. Imatola zimene ingathe, cholakwacho n'kuchilemba mwakachetechete pamndandanda wotchedwa defects. Ukapanda kufunsa, sikuuza.

Choyamba ndinaika policy.default, popeza ukapanda kutchula policy, amene ndi malamulo owerengera kalata, parser imagwiritsa ntchito yakale ya compat32. Kenako ndinasindikiza msg.defects pa kalata iliyonse. Pomwepo zina zinatulutsa CloseBoundaryNotFoundDefect. Mu MIME, dongosolo limene imelo imanyamulira mafayilo, zigawo za kalata zimalekanitsidwa ndi mzere wa malire, ndipo pamapeto pamakhala mzere wotsekera. Ukasowa, nthawi zambiri ndiye kuti kalatayo inadukira panjira.

Apa mpamene ndinakhalitsa. Panali kalata ina imene mndandanda wake unali wopanda kanthu, koma PDF yake ili yowonongeka ndithu. Ndinazindikira kuti chigawo chilichonse chimasunga zolakwa zakezake, choncho ndinayenda m'zigawo zonse ndi walk(). Komabe zii. Chinatsala n'chakuti zolakwa za base64, njira yosandutsira fayilo kukhala zilembo kuti iyende pa imelo, sizilembedwa pa nthawi yowerenga kalata, zimadikira mpaka utamasula zam'kati. Nditaitana get_payload(decode=True), n'kuyang'ananso defects za chigawocho, InvalidBase64PaddingDefect inaonekera. Amene afufuza asanamasule adzapita kunyumba akuganiza kuti kalata ndi yabwino.

Pali policy.strict, imene imaimitsa pulogalamu pa cholakwa choyamba. Ndinaiyesa, koma sindinaisunge. Pa shopu sitingataye invoisi yonse chifukwa cha kacholakwa kamene sikakhudza PDF, ndiponso ine ndimafuna kuona zolakwa zonse, osati choyamba chokha.

Tsopano pulogalamu imalemba mutu wa kalata, chigawo ndi dzina la cholakwa mufayilo, ndipo makalata okayikitsa imawaika mufoda yawoyawo. Madzulo ndinakwera basi kupita ku Kamwala, ndinawaonetsa Amayi fodayo. Anatenga foni n'kuyamba kuimbira ogulitsa kuti atumizenso.