Zonyamulira katundu ndi maloko a njinga yamoto: poumira ndi posaumira

Njinga yamoto ikangofika pakhomo, zofunika kugula zimabwera motsatizana: bokosi la kumbuyo, zikwama za m'mbali, malamba omangira, tcheni, loko, alamu, chophimbira. Ambiri amangotola chilichonse chotchipa, ndipo chaka chisanathe amapezeka atagula zinthu zingapo kawiri. Ena amathira ndalama zonse pa mabokosi onyezimira a aluminiyamu, njingayo n'kumaimanga ndi kaloko koti munthu angakathyole ndi mwala. Langizo langa ndi limodzi: umirani pa chikwama ndi pa bokosi, koma musaumire pa zimene zimagwira, zomwe ndi kaliyala, malamba, tcheni ndi loko. Chikwama chotchipa chikang'ambika mumachisoka n'kupitiriza ulendo. Lamba wotchipa akamasuka n'kukulungika pa tayala la kumbuyo muli pa liwiro, nkhani yake imakathera kuchipatala.

Musanatulutse ndalama, tsegulani buku la njinga yanu. Muli nambala ya kulemera konse kumene njingayo ingasenze, kuphatikiza inuyo, amene mwamukweza ndi katundu. Kaliyala nayo ili ndi malire ake, ndipo nthawi zambiri amalembedwa pa chitsulo chomwecho kapena pa kapepala komata: zambiri zimalola makilogalamu 5 mpaka 10, zina zazing'ono 3 okha. Bokosi lopanda kanthu limadya kale makilogalamu atatu kapena kuposa pa malirewo. Kugula bokosi la malita 50 n'kulikhazika pa kaliyala ya makilogalamu 5 ndi kulipirira malo oti simudzawadzaza. Mukaumirira kudzaza, kaliyala imayamba kung'aluka pamene anawotcherera, komanso katundu wolemera akakhala pamwamba ndi kumbuyo kwa tayala, kutsogolo kumapepuka ndipo mahandulo amayamba kunjenjemera mukathamanga.

Kuti mudziwe kukula kumene mukufuna, tengani zomwe mumanyamula masiku onse muziike mu ndowa ya malita 20. Anthu ambiri amadabwa kuona kuti sizidzaza n'komwe. Ngati cholinga ndi kusungamo chipewa chodzitetezera chophimba nkhope yonse, bokosi la malita 30 limakwana chimodzi, ndipo ziwiri zimafuna malita 45 kapena kuposa pang'ono.

Pa mabokosi olimba pali msampha umene umagwira anthu ambiri. Mtengo wolembedwa pa bokosi si mtengo wonse. Pali bokosilo, pali mbale imene limakhalapo, ndiye pali zitsulo zolumikiza mbaleyo ku njinga ya mtundu wanu. Werengerani zitatu zonse musanayerekeze mitengo. Mbalezi sizisinthana pakati pa makampani: bokosi la Shad silikhala pa mbale ya Givi. Ngakhale mkati mwa Givi momwemo muli mitundu iwiri yosagwirizana. Monolock ndi ya mabokosi opepuka, imalola katundu wa makilogalamu 3, ndipo kawirikawiri mbale imabwera pamodzi ndi bokosi. Monokey imalola makilogalamu 10, koma mbale mumagula payokha. Munthu amene wapeza bokosi la Monokey lotchipa pomwe njinga yake ili ndi mbale ya Monolock sanapulumutse kanthu.

Bokosi ndi chinthu chabwino kugula chogwiritsidwapo kale ntchito, chifukwa zokandakanda za kunja zimatsitsa mtengo osachepetsa ntchito. Litembenuzeni muone pansi pamene limaluma mbale ngati sipanang'aluke. Tsegulani ndi kutseka kangapo, muyese mahinjesi, muone ngati mphira ya pa chivindikiro idakali yofewa. Kiyi akatayika si vuto lalikulu, chifukwa makampani odziwika amagulitsa kachitsulo kolowetsamo kiyi pakokha. Ndipo tsiku logulitsa njinga musaperekere bokosi limodzi. Pa njinga yatsopano mudzangogula zitsulo zolumikizira basi.

Kwa ambiri, chikwama chofewa chosalowa madzi, chija chokulunga kukamwa, chimagwira ntchito yonse pa mtengo wochepa kwambiri. Cha malita 30 kapena 40 chopangidwira anthu oyenda pa boti kapena ogona m'matenti ndi chimodzimodzi ndi cholembedwa kuti ndi cha njinga yamoto, kungoti chachiwirichi chimakwera mtengo chifukwa cha dzinalo. Finyani mpweya utuluke, kulungani kukamwa katatu, kenako mangani. Mukakulunga kamodzi kapena kawiri, madzi amalowa ndithu. Chigonekeni chopingasa pa mpando wa wokwezedwa, chifukwa pamenepo ndi pamene njinga inapangidwira kusenza. Ngati muli kale ndi chikwama wamba, ikani thumba la pulasitiki lochindikala mkati mwake. Limateteza kuposa zophimba za kunja zija, zimene mphepo imazikupiza mpaka kung'ambika.

Zikwama za m'mbali zoponya pamwamba pa mpando n'zotchipa, koma zili ndi adani awiri: ekizosi ndi tayala. Ekizosi imasungunula nsalu ndi pulasitiki mwakachetechete, mumangomva fungo zovala zitapsa kale. Siyani mpata wa chikhatho chathunthu pakati pa chikwama ndi ekizosi, ndipo onaninso kumene utsi ukutulukira, poti utsi wokhawo umaboola chikwama. Kachidutswa ka aluminiyamu komangidwa pa ekizosi ndi makilampu a mapaipi kamathandiza, bola pakhale mpata wa mpweya pakati. Kakagundana ndi ekizosi kamangotentha nako limodzi. Kuti zikwama zisapendekere m'tayala, wowotcherera zitsulo angakupindireni tizitsulo tozungulira ta mamilimita 10 kapena 12 totchinga mbali zonse ziwiri. Mukamaliza, dzazani zikwamazo, khalani pa njinga ndi mnzanu, muidinikize kangapo kuti masipuling'i atsike mpaka pansi, wina akuyang'ana ngati pali chokhudza tayala kapena tcheni cha njinga. Pamene malamba akukhula penti, matanipo tepi yoonekera.

Chikwama cha pa thanki cha maginito chimagwira pa thanki yachitsulo yokha, choncho yesani ndi maginito musanagule. Pukutani pansi pake nthawi zonse, chifukwa maginito amatola tizitsulo timene timakanda penti.

Tsopano malamba, pamene sindifuna kuti muumire ngakhale pang'ono. Zingwe za mphira zokhala ndi ngowe zimatamuka njinga ikagunda dzenje, katundu n'kusendera mbali imodzi, ndipo ngowe ikapulumuka pomanga imalunjika kumaso. Gulani malamba a nsalu a mamilimita 25 okhala ndi chomangira chachitsulo choluma, awiri kapena anayi. Aja okoka ndi chogwirira ngati a pa lole ali ndi mphamvu yopitirira, amaphwanya mapulasitiki a njinga. Kolekani lamba pa felemu kapena pa zitsulo za popondera wokwezedwa, osati pa indiketa kapena pa pulasitiki. Mchira wotsala upindeni n'kuumanga mfundo, pasatsale cholendewera. Mukayenda makilomita 10 kapena 15, imani mukokenso, chifukwa katundu amakhazikika ndipo malamba amakhwepa. Lamba amene wayamba kuyera ndi kuuma chifukwa cha dzuwa, mutayeni.

Mabawuti a kaliyala nawo ndi otchipa, palibe chifukwa chotolera aliwonse. Funani olembedwa 8.8 pamutu, manati okhala ndi kamphete ka nayiloni mkati, ndi kadontho ka mankhwala omata a buluu monga Loctite 243. Mankhwala ofiira aja amafuna kutenthetsa kuti mumasule, choncho asiyeni. Pomanga pulasitiki ikani mawashala aakulu kuti bawuti lisaboole. Pakatha ulendo woyamba wautali, pitaninso ndi sipanala pa lililonse.

Pa chitetezo, ndalama zimagwira ntchito mukayamba mwaganizira mmene njinga zimabedwera. Loko wa mahandulo amene amabwera ndi njinga amathyoka akangokankha mahandulowo mwamphamvu ndi phazi, kenako njinga amaikankha. Kwina anthu atatu kapena anayi amangoinyamula n'kuiponya m'galimoto, maloko onse ali pomwepo. N'chifukwa chake ndalama yoyamba iyenera kupita pa kumangirira njinga ku chinthu chosasuntha. Alamu ndi zina zonse zimabwera pambuyo.

Maloko a waya wokutidwa ndi pulasitiki amaoneka onenepa, koma mukasenda pulasitikiyo mupeza kawaya kochepa kamene chodulira cha m'manja chimadula nthawi yomweyo. Musatayirepo ndalama, kupatula ngati ndi womangira chipewa. Tcheni chiyezeni pa kunenepa kwa chitsulo cha mphete imodzi. Cha mamilimita 10 chimaduka ndi chodulira mabawuti chachikulu. Cha 13 chimavutirapo. Kuyambira 16, chodulira cha m'manja chimalephera ngati chitsulocho chinalimbitsidwa bwino, ndipo mbava iyenera kubwera ndi galayinda, imene imachita phokoso ndi kuthetheka moto. Palibe tcheni chimene galayinda singadule. Chimene mukugula ndi nthawi ndi phokoso, ndipo mbava zimadana nazo zonse ziwiri. Tcheni cha m'sitolo ya zomangira nyumba, ngakhale chinenepe bwanji, nthawi zambiri ndi chitsulo chofewa chokokera katundu, ndipo sowo wamba amachidya.

Poti kulimba kwa chitsulo sikuoneka ndi maso, dalirani mabungwe amene amayesa maloko: Sold Secure ku Britain, imene imapereka magiredi monga Gold ndi Diamond, ART ku Netherlands, imene imapereka nyenyezi kuyambira imodzi mpaka zisanu, ndi SRA ku France. Chizindikiro pa paketi akhoza kungodinda aliyense, choncho fufuzani dzina la lokoyo pa tsamba la intaneti la bungwelo. Ngati njinga ili pa inshulansi ya kubedwa, werengani kaye zomwe analemba, chifukwa makampani ena amatchula giredi ya loko imene amavomereza. Kugula wina ndi kulipira kawiri.

Njira yosungira ndalama pa tcheni ndi kuchepetsa kutalika, osati kunenepa. Tengani chingwe, muchipitirize pomwe tcheni chidzadutse, muyeze. Mita imodzi ndi theka ya mamilimita 16 iposa mamita awiri a mamilimita 10. Kutalika kotsala kumangogona pansi, ndipo tcheni chogona pansi n'chimene mbava imafuna: imatsamiritsa mkono umodzi wa chodulira pa simenti n'kukanikiza winawo ndi thupi lonse, kapena kuchimenya ndi hamala yaikulu. Chikhale chokoka, cholendewera m'mwamba, loko nayenso asagunde pansi. Chipitirizeni pa felemu ngati pali mpata, apo ayi pa tayala la kumbuyo. La kutsogolo limachoka ndi masipanala awiri, inu n'kudzapeza tayala lokha litamangidwa bwinobwino.

Tcheni cha mamilimita 16 chimalemera makilogalamu oposa 4 pa mita iliyonse, choncho malo ake ndi kunyumba. Cha paulendo chikhale cha 10 mpaka 13, chonyamulidwa m'chikwama chomangidwa pa mpando. Musachikoleke m'khosi kapena m'chiuno, mukagwa chimathyola nthiti. Loko akhale wa giredi yofanana ndi tcheni, wa mtundu uja wobisa khosi lake m'thupi kuti chodulira chisapeze poluma. Maloko okhawa musagule ogwiritsidwapo kale ntchito, poti simudziwa makiyi analipo angati.

Kunyumba, chitsulo chomangirirapo chikhale mu konkire yeniyeni, osati mu njerwa kapena m'matailosi. Zogula zimabwera ndi mabawuti otupa m'dzenje ndi timipira tachitsulo tokhomera pamutu pa bawuti kuti sipanala isalowenso. Chowotcherera nokha chimathekanso: chitsulo chonenepa chopindidwa ngati U, miyendo yake yokhota, chomizidwa mu konkire yatsopano. Chiikeni pafupi ndi khoma kuti njinga ikaima ichitchinge, galayinda isowe polowera.

Loko wa pa disiki ya mabuleki ndi wabwino poima mwachidule, ndipo amaletsa kukankha njinga, koma saletsa kuinyamula. Sankhani wa msomali wa mamilimita 10 kapena kuposa, mutayeza kaye mabowo a disiki yanu. Gulaninso kachingwe kowala kokoleka pa handulo kokukumbutsani. Ndi kotchipa zedi, koma kuiwala loko n'kunyamuka kumaphwanya chogwira mabuleki, kupinda disiki ndi kukugwetsani pomwepo.

Chophimbira chosalembedwa dzina la kampani iliyonse ndi chitetezo chotchipa kuposa zonse, chifukwa mbava imasankha njinga imene yaiona mtundu wake. Dikirani ekizosi izizire musanaphimbe. Kachipangizo ka GPS kolondolera njinga kali ndi ndalama za mwezi ndi mwezi kapena za SIM, choncho werengerani za zaka ziwiri, ndipo funsani mmene kamadyera batire njinga ikangokhala. AirTag, kachipangizo kolondolera zinthu ka kampani ya Apple, ndi yotchipa, koma inapangidwa kuti izichenjeza munthu amene ikuyenda naye, ndiye mbava ikhoza kudziwa kuti ilipo. Switchi yobisika yodula moto wa injini kapena wa pampu ya mafuta imafuna waya pang'ono ndi wamagetsi wodziwa ntchito yake. Jambulani nambala ya felemu, imene pa njinga zambiri ili ndi zilembo ndi manambala 17, pamodzi ndi nambala ya injini, musunge zithunzizo kwina osati mu foni yokha.

Loko wa bokosi la pulasitiki amatseguka ndi sikuludiraiva, choncho mapepala a njinga, kiyi wapadera ndi laputopu zizipita nanu. Maloko onse azikhala bowo la kiyi litayang'ana pansi kuti mvula ndi fumbi zisalowe, ndipo miyezi ingapo iliyonse thiranimo mafuta ouma a PTFE kapena ufa wa graphite. Girizi ndi oyilo wa injini zimagwira fumbi, tizitsulo ta mkati timamatirira, mpaka kiyi amathyokera momwemo njinga ili chimangire.