Loweruka: telesikopu yogwetsa mphuno

Chiperoni chinatiphimba masiku anayi. Lero ndadzuka phiri lonse la Mulanje lili poyera, nsonga ya Chambe ikuonetsa thanthwe lake lonse, ndiye chowiringula chinatha. Telesikopu ija achimwene ananditumizira kuchokera ku Johannesburg yakhala m'katoni kuyambira Epulo.

Ndi kakang'ono, galasi lakutsogolo ndi la mamilimita 70 basi. Choikapo chake ndiye chodandaulitsa: miyendo itatu yopyapyala ngati bango, yoti mwana anganyamule ndi dzanja limodzi. Pamwamba pali mutu wotembenuka mbali ziwiri, ndi kandodo kachitsulo kokhala ndi chitsulo cholemera chonga mwala wa sikelo.

Masana onse ndalimbana nayo pabwalo. Ndikailozetsa kuphiri n'kuisiya, mphuno yake inkazyolika ngati nkhuku yachitopa. Nzeru yanga inali imodzi, kumangitsa zomangira. Ndinamanga mpaka kachogwirira kapulasitiki kanalira kuti thee! Mtima unangoti myuu.

Malume anali pakhonde akusenda nzimbe, kundiyang'ana osanena kanthu. Iwowa anakalambira pa ntchito yoyeza masamba a tiyi kuesiteti.

"Iwe mphwanga, unaonapo sikelo yomangidwa? Tamasula zonsezo."

"Igwatu malume."

"Gwira ndi dzanja, usaope."

Anagoneka kandodo kaja chopingasa, telesikopu mbali iyi, chitsulo mbali inayo. Kenako anayamba kusuntha chitsulocho pang'onopang'ono, n'kumasiya, n'kumayang'ana mbali imene ikutsika. Ulendo wachinayi zonse zinangoti zii m'malere, popanda chomanga. Anatero ndi thupi la telesikopuyo, kulikankhira kutsogolo m'mikombero yake mpaka mutu ndi mchira zinalingana. Ndikaikankha ndi chala chimodzi inkapita, ndikasiya inkaima pomwepo. Kunena zoona manyazi anandigwira, poti buku lake ndinaliwerenga kawiri konse.

Chisangalalo sichinakhalitse. Nditangomangirira foni kumbuyo kuti ndizijambula, mchira uja pansi! Kafoni kopepuka m'thumba kamalemera kakakhala kunsonga. Tinayambiranso, ndipo malo awiriwo, pokhala ndi foni ndi popanda foni, ndawadinda ndi utoto wa m'zikhadabo wa achemwali. Sanadziwebe.

Dzuwa litalowa kunabwera kamphepo kotsika m'phiri, kaja kolowa m'mafupa mu Juni. Chithunzi chinkanjenjemera moti ndinkachita chizungulire. Apa ndinadziwombola ndekha. Ndinafupikitsa miyendo ija, n'kupachika botolo la madzi la malita awiri pakati pake. Makilogalamu awiri okhawo anakwana, miyendo inakhazikika ngati mafuwa.

Chinandivuta n'kulozetsa mutu wake kummwera, pamalo pamene thambo lonse limaoneka ngati likuzungulirapo, kuti telesikopu izitha kutsatira mwezi ukamasuntha. Kuno ku Mulanje tili madigiri pafupifupi 16 kummwera kwa equator, mzere wogawa dziko pakati, choncho mutuwo uyenera kudzuka madigiri 16 omwewo. Anzathu akumpoto ali ndi nyenyezi ya Polaris yowatsogolera, ife tilibe nyenyezi yowala pamalopo. Ndinagwiritsa ntchito nyenyezi zinayi zija zooneka ngati mtanda. Umatenga mzere wake wautali n'kuutalikitsa kanayi ndi theka, ndipo pamene wathera ndiye pamalo paja. Ndinachita mongoyerekeza, mitengo ya mapeyala ikunditchinga, komabe zinatheka.

Mwezi unali theka. M'malire mwa kuwala ndi mdima ndi momwe munali zonse, maenje ozungulira okhala ndi zithunzithunzi zakuda bii, ena ali ndi kachulu pakati. Chinthu chili pa mtunda wa makilomita 384,000 koma kuoneka ngati ungatoleko mwala. Ndipo umathawa! Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, moti pa mphindi ziwiri zokha mwezi umakhala utasuntha mtunda wofanana ndi kukula kwake. Ndinkangopotoza kachogwirira kamodzi, telesikopu n'kumautsatira mosavuta.

Malume anasuzumira nthawi yaitali, chipewa chili m'manja.

"Ndiye kumwambakonso msewu ndi wokumbika ngati wathu uno?"

Cha m'ma 9 koloko mame anadzaza pagalasi, tinalowetsa zonse. Kachogwirira kong'aluka kaja ndakakulunga ndi mphira wa chubu cha njinga. Achimwene ndiwauza mawa.