Matisheti a Agogo

Achemwali anga a ku Johannesburg atanditumizira makina odulira vinyl (pulasitiki yopyapyala yopangira zilembo zomata pa zovala), a Cricut ogula kwa munthu, abale onse anayamba kunditchula kuti "adizaina". Ine sindinakane. Ndinali nditaonera mavidiyo pa YouTube mpaka bandulo kutha, ndipo ntchitoyo inkaoneka ya mwana: ujambule pa laputopu, makina adule, usite pa tisheti, ulandire ndalama.

Ndiye mu 2024 agogo athu a ku Ntcheu anakwanitsa zaka 80. Azakhali aakulu analemba pa gulu la banja la pa WhatsApp kuti, "Matisheti apanga mwana wathu yemweyu, ndalama isatuluke pakhomo." Masaizi anayamba kugwa, kuyambira a tizidzukulu mpaka XXXL ya amalume. Ndinapita ku Malangalanga n'kugula matisheti akuda okhaokha, chifukwa zilembo zoyera zimawala bwino pa chakuda. Mawu ake ndinawakonza m'mizere inayi: pamwamba AGOGO ATHU, kenako 1944 – 2024, pansi pake ZAKA 80 ZA MADALITSO, n'kumaliza ndi TIYENI TISANGALALE. Nditaika chithunzi pa gulu, aliyense anatumiza chala chachikulu. Ndikunena zimenezi dala, chifukwa lero onse akuti ankaona kuti pali vuto.

Tisheti yoyamba inatuluka yokongola, koma yowerengeka pagalasi pokha. Vinyl yomata ndi moto imagonekedwa chafufumimba, mbali yonyezimira pansi, choncho zilembo uyenera kuzitembenuza usanadule. Kabatani kake kalipo, kolembedwa Mirror, ndipo ndinkakaona, koma ndinkayesa n'kokongoletsa. Alamu anga anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Imeneyi ndipatseni ine, ndizivalira ku shopu yometera."

Kenako kampeni ka makinawo kanayamba zake. Kamayenera kudula vinyl yokha n'kusiya pulasitiki yoonekera ya pansi pake yosakhudzidwa, chifukwa ndi imene imagwira zilembo pamalo ake mpaka utasita. Nditawonjezera mphamvu, kanadula zonse, zilembo n'kumwazika patebulo. Nditachepetsa, kanangokanda. Usiku wonse ndinkakangana ndi laputopu, osadziwa kuti kansonga ka kampeniko kanali katakutidwa ndi tizinyenyeswa ta vinyl. Ukachotsa, n'kukabaya kangapo mu kampira ka foyilo wa kukhitchini, kamayambanso kudula bwinobwino. Komanso munthu wanzeru amayamba wadula kabokosi kakang'ono pakona kuti aone ngati zili bwino. Ine ndinkayesera pa pepala lathunthu, monga munthu woti vinyl amakolola kumunda. Kamphasa komata kogonekapo vinyl podula nakonso kanali katadya fumbi la ku Area 25, moti vinyl inkatsetsereka makina ali mkati modula, G n'kukwera pa O. Masking tape m'mbali monse ndi imene inandipulumutsa.

Chimene palibe anandiuza ndi ntchito yosenda. Makina akamaliza, zosafunika zonse umachotsa wekha ndi dzanja, ndipo mawu oti AGOGO ali ndi mabowo ambiri kuposa mmene mungaganizire. Ndinali nditasankha zilembo zopyapyala zopindikapindika, za pa khadi la ukwati, ndipo ndikakoka apa chilembo chinkang'ambika apo. Ndinakhala ndi sefitipini mpaka maso kuchita chidima. M'mawa ndinapeza T pachigongono, kadontho ka mkati mwa A kali mu tiyi. Ndinasintha n'kuika zilembo zonenepa. Zimenezo zimasendeka ngati nthochi.

Saizi ndinapanga imodzi ya aliyense, masentimita 28 m'lifupi, pafupifupi mapeto a zimene kamphasako kamalola. Pa munthu wamkulu n'zabwino. Pa mwana wa Sitandade 1, amene chifuwa chake chimafuna masentimita 18 kapena kuchepera, A ndi U zinakalowa m'khwapa, kutsogolo n'kutsala GOGO ATH. Ndinati ana sadandaula, tiyeni nazo.

Tsopano pomata. Lamulo lake ndinkalidziwa: pinda tisheti pakati, usite mzere kuti upeze pakatikati, kenako uyeze zala zinayi kuchokera pakhosi, masentimita 7 kapena 8, mawu ayambire pamenepo. Koma nditayala tisheti patebulo, ndinaona kuti mawu akapanikizana kumtunda, kumunsi kukutsala malo ambiri opanda kanthu. Diso la udizaina linati ayi. Ndinatsitsa mizere iwiri yoyamba kufika pakati, ina iwiriyo n'kuitsitsiratu kumunsi kuti pakhale mpata wopumira. Patebulo zinkaoneka bwino zedi. Kungoti tisheti ili patebulo ilibe mimba, ilibe lamba, ilibe chitenje.

Magetsi anazima ndili pakati pa ntchito, ndiye ndinakabwereka ayironi ya makala kwa aneba. Vinyl imafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 150, kukanikiza mwamphamvu masekondi ngati 15, osayendetsa ayironi, kansalu kali pakati. Ayironi ya makala imangodziwa ziwiri, kuzizira ndi Gehena. Tisheti imodzi, imene wogulitsa analumbira kuti ndi kotoni, inanyezimira n'kutsala ndi chidindo cha ayironi yonse pamimba. Imeneyo ndinavala ndine.

Loweruka tinanyamuka pa minibasi yahayala. Titaima pa Lizulu kugula mbatatesi ndi kabichi, azakhali analamula kuti aliyense avale tisheti kuti tikafike tili yunifolomu. Azimayi anavala, n'kumanga zitenje pamwamba pake, chakumtunda ndithu, monga achitira akamapita kumudzi. Azibambo anapisira. Ine ndinali kutsogolo ndi adalaivala, keke ili pamiyendo, sindinacheuke n'komwe.

Kanjira kolowera kwa agogo minibasi siidutsa, choncho tinatsikira pa mjigo n'kuyamba kuyenda pamzere. Tangoganizani: anthu a m'tauni odzaza minibasi, onse zakuda, otopa ndi ulendo, osaseka, pamimba pawo palembedwa AGOGO ATHU, 1944 – 2024. Zina zonse zinali zitamezedwa ndi zitenje ndi mathalauza.

Mayi wina amene ankapopa madzi anaika manja kumutu. "Mayo ine! Anaphiri atisiya!" Chidebe chinagubuduka. Kulira kunalumpha kuchokera pa mjigo kupita nyumba yoyamba, yachiwiri, mpaka kuseri kwa tchalitchi. Agogo anali atadwala chifuwa sabata yapitayo, ndipo kuyambira m'mawa palibe anawaona panja, chifukwa anali m'nyumba kumangitsa tsitsi. Tisanafike pabwalo, anyamata anali atayamba kale kuthyola nthambi zoti akaike pamsewu. Azakhali ang'ono, amene misozi yawo siichedwa, atamva anthu akulira nawonso anayamba kulira, akuganiza kuti pachitika zoopsa tili m'njira.

Kunabwera nduna ya amfumu, nkhope ili gwa. "Kodi mwambo unatha? Maliro a m'mudzi muno amfumu azimvera pa malaya?"

Azakhali aakulu ndi amene anayamba kuzindikira. Anandiyang'ana diso limene sindidzaliiwala, kenako anafuula kuti, "Ayi, ayi, taonani kunsiku!" Anatsitsa chitenje, amalume nawo anasolola tisheti m'thalauza. Koma mzere wachitatu unali utabisala m'khwinya la mimba ya amalume, ndipo pa azakhali unaphimbidwa ndi dzanja logwira chitenje lija. Umene unaonekera bwinobwino kwa khamu lonse unali womaliza: TIYENI TISANGALALE.

Kulira kunaduka. "Mwaona anthu a m'tauni? Mayi awo amwalira, iwo akuti tisangalale. Ndi nkhani ya munda imeneyi!"

Pamenepo chitseko chinatseguka. Agogo anatuluka, tsitsi lomangidwa mbali imodzi, chipeso chili m'mutu. Anayang'ana khamu lonse n'kufunsa kuti, "Wamwalira ndani?" Ena anathawa. Mayi wa pa mjigo uja anakhala pansi.

Zinatenga nthawi kuti nkhani imveke. Nkhuku yopepesera amfumu inachokera m'thumba langa, palibe anasonkhako. Koma agogo sanakwiye. Anaitana kamdzukulu ka GOGO ATH kaja kuti kawawerengere zonse, mzere ndi mzere, iwo akugwedeza mutu. Atamva kuti mabanja awiri anali atabweretsa kale ufa ndi nkhuni zapamaliro, anati zisabwerere, mwini wake alipo ndipo walandira.

Madzulo, keke itatha, anandiitana pakhonde. Ndinagwada, ndikudikira mawu.

"Iwe, zilembo zakozi zimachoka ukachapa?"

"Ayi agogo, bola kuchapa motembenuza, osasita pamwamba pake. Zimakhala zaka."

"Basi, uwauze onse asunge bwino. Tsiku langa likadzafika musadzawonongenso ndalama. Udzangosintha nambala yakumapetoyo. Koma mzere wam'munsiwo udzachotse, amalume akowa angadzausolorenso."