Mmene ndinagwetsera nyumba ya mpondamatiki ku Joni

Anthu inu mukamaonera masewero a pa TV a ku South Africa aja, mabwana akukangana pabalaza pooneka pa mamiliyoni, dziwani kuti khoma la nyumba imeneyo anthu awiri amalinyamula akucheza nkhani za mpira.

Ndinali ku Joni maganyu a zomanga atavuta, ndiye mnzanga wina wa ku Mangochi anandilumikiza kwa kalipentala amene amakhoma ma seti, nyumba zongoyerekeza zojambuliramo masewerowo, mu situdiyo ina. Ine bilida wa simenti ndi njerwa kulowa mmenemo ndinangoti kakasi. Khoma lake ndi felemu ya timatabwa ta paini, akhomapo pulayiwudi wopyapyala wa mamita 1.2 mulifupi ndi 2.4 mulitali, amalumikiza angapo ndi masikuluwu, polumikizirapo amamata kuti mzere usaoneke, penti pamwamba, basi yatha. Njerwa zooneka bwinobwino zija ndi pulasitiki youmba, ukaikanikiza ndi chala imalowa mkati. Chipinda chili ndi makoma atatu okha poti mbali inayo ndi ya makamera, siling'i mulibe chifukwa mmwamba monse mwapachikidwa magetsi, masitepe amangokwera nkuthera mmalere, ndipo tauni imene mumaiona pawindo ndi chithunzi chachikulu chopachika kuseri. Koma wopenta wake ndimamupatsa ulemu ase, amadetsa dala pafupi ndi switchi kuti pazioneka ngati pamagwira anthu tsiku ndi tsiku.

Pa buleki ndinajambulitsa pa sofa ya chikopa, mwendo pa unzake, nkuponya pa Facebook. Osalembapo chilichonse, aliyense aganize yekha.

Kenako kapitawo anati ndikasese kuseri kwa seti, zinyalala zonse zituluke. Kuseriko ndinapeza timatumba ta mchenga titaunjikidwa pa thabwa lililonse lochirikiza khoma, ine mumtima ndinati anthu awa ndi auve bwanji, kumaliza ntchito mchenga osachotsa, kwathu kontirakitala akanawathamangitsa kalekale. Ndinatuta tonse pa wilibala nkukasanja panja mwadongosolo, thukuta kamukamu, ndikudikira kuyamikiridwa. Kumene mchengawo ndiye fandeshoni ya nyumba yonse.

Atayamba kujambula, mayi wa mu sewerolo amayenera kumulalatira mwamuna wake kenako atuluke nkumenyetsa chitseko. Anamenyetsadi, phwaa! Khoma linayamba lagwedezeka kaye, kenako pang'onopang'ono linawerama ngati mkamwini akupereka moni kwa apongozi, nkugwera pa sofa yomwe ija pamodzi ndi wotchi ndi chithunzi cha ukwati. Bambo wa suti uja anadumpha tebulo akukuwa mChizulu, ulemu wonse wa ubwana utathawa, ndiye poti makomawo ndi olumikizana lachiwiri nalo linatsatira, kuseri kunangoonekera ine nditagwira tsache.

Palibe anavulala, zinthu zake nzopepuka. Kapitawo anangofunsa kuti matumba ali kuti, ine nkumulozera panja pomwe ndinawasanja bwinobwino, iye anagwira mmutu nkukhala pansi. Ndinawabweza onse ndekha anthu akufa ndi phwete, ndipo pa malipiro a tsikulo anandidula za wotchi.

Usiku womwewo malume anatumiza voice note kuchokera kumudzi, akuti mphwanga nyumba ija taiona, Chauta wakukumbukira, ndiye feteleza wa chaka chino usavutike kwambiri, matumba anayi akwana.